PHUNZIRO LA MWEZI WA NOVEMBER: ANYAMATA A M'NDEGE ZA MABOMBA

Pa 11 November maiko ambiri amakumbukira anthu amene anafa m'nkhondo. Midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi idziwa mbiri ya asilikari a Northern Rhodesia Regiment, amene anamenya nkhondo ku Somaliland m'caka ca 1940 ndi ku Burma m'caka ca 1944. Koma panali enanso amene anamenya nkhondo yomweyo mumlengalenga, ndipo mbiri yao siichulidwa kawirikawiri kuno.

Kuyambira m'caka ca 1940 Angelezi anatsegula masukulu ophunzitsa kuyendetsa ndege ku Salisbury, Bulawayo ndi Gwelo. Anthu akuda ndiwo anakumba ndi kusalaza mabwalo ace, ndipo amuna a kuno amene anali pa nchito ku Walale anamva ndegezo zikulira usana ndi usiku. Gulu lina la ndege za mabomba, la nambala 44, linapatsidwa dzina la Rhodesia m'caka ca 1941. Ndege zace zinali zochedwa Lancaster, ndipo iri yonse inkanyamula amuna 7.

Pa 17 April 1942 ndege 12 zinatumidwa dzuwa likuswa mtengo kukaononga nyumba yopangiramo makina a sitima za pansi pa madzi ku Augsburg, m'dziko la Jeremani. Mwa izo 6 zinali za gulu la 44, ndipo mtsogoleri wao anali John Nettleton, mbadwa ya ku Natal. Ndege 7 sizinabwerere. Mwa 6 za gulu la 44 inabwerera yace yokha. Nettleton analandira mendulo ya Victoria Cross, koma mu July 1943 iyenso anatayika pocokera ku Turin, ndipo mtembo wace sunapezeke. Dzina lace linalembedwa pa mwala ku Runnymede, pamodzi ndi maina oposa 20,000 a amuna a m'ndege opanda manda odziwika.

Mwa amuna 125,000 amene anauluka m'ndege za mabomba za Angelezi, 55,573 anafa. Ambiri anali anyamata a zaka zongopitirira 20, a msinkhu umene kuno mnyamata ayamba kumanga nyumba yace ndi kulima munda wace. Komabe mwala waukuru wowakumbukira ku London unaimikidwa m'caka ca 2012, patapita zaka 67 nkhondo itatha.

Kucedwa kumeneku kunali ndi cifukwa cace. Mabomba ao anagwera pa mizinda yokhalamo akazi ndi ana. Ku Dresden, mu February 1945, anafa anthu pafupifupi 25,000. Potero anthu ambiri anasowa mau: kuwatamanda anyamatawo kunaoneka ngati kuiwala amene anapsa pansi, ndipo kukhala cete kunaoneka ngati kuwataya ana amene anangomvera akuru ao. Dziko la Zambia nalonso lidziwa mabomba ocokera kumwamba, pakuti pa 19 October 1978 ndege za boma la Ian Smith zinapha anthu mazana ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka.

Nanga Mkristu awakumbukire bwanji? Pa 2 Samueli 1 Davide analira maliro a Jonatani bwenzi lace, naliranso Sauli amene anafuna kumupha. Sanati zocita za Sauli zinali zolungama, koma sanam'mane misozi. Mwambo wa pamudzi ugwirizana nazo: pa maliro anthu saweruza mlandu, ndipo ngakhale amene anakangana ndi womwalirayo adza nakhala pa siwa. Coteronso mpingo ungathe kulira woponya bomba ndi woponyeredwa m'pemphero limodzi, pakuti onsewo anali ana a eni, ndipo woweruza wao ndiye Mulungu. Ndipo amene alira moona adzayesetsa kuzima ndeu ikali yaing'ono, kaya ya malire a munda kaya ya ufumu, popeza nkhondo zazikuru ziyamba m'mitima ya anthu, monga aphunzitsa Yakobo 4.

MAFUNSO
1. Cifukwa ninji mwala wa ku London unacedwa kuimikidwa?
2. Kodi Davide anacita bwino polira Sauli?
3. Ndani m'mudzi uno anapita ku nkhondo osabwerera, ndipo ana adziwa maina ao kodi?