Phunziro 21: Kung fu ya ku China

Aphunzitsi kapena makolo awerengere ana nkhaniyi pang'onopang'ono, gawo limodzi pa tsiku.

1. Za m'kanema

Ana ambiri adaonapo kanema wa kung fu. M'kanemamo munthu amalumpha mpaka padenga la nyumba. Wina amaswa njerwa ndi dzanja. Wina amagonjetsa anthu khumi ali yekha, osatuluka ngakhale thukuta. Kanema akatha, ana amathamangira pabwalo. Amakuwa, amakweza miyendo, amaponyerana zibakera. Ena amati ndi karate, koma karate ndi ya ku Japan. Kung fu ndi ya ku China.

Kodi n'cifukwa ciyani kung fu ili ndi zodabwitsa zambiri cotere? Yankho lili m'mbiri yake.

2. Kale ku China

China ndi dziko lalikulu. Lili kutali, ku Asia. Kale kumeneko asilikali ankamenya nkhondo ndi mikondo, malupanga ndi mauta. Anthu a m'midzi nawonso ankaphunzira kumenya kuti adziteteze kwa acifwamba. M'cigawo ca Henan muli kacisi wa Abuda, dzina lake Shaolin. Adamangidwa zaka zoposa 1500 zapitazo. Anthu opemphera a m'kacisimo adadziwika ndi luso lomenya ndi ndodo.

Ophunzira sankamenyana tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi ankalumikiza mayendedwe ambiri: kuponya dzanja, kuzinda, kutembenuka, kutsika pansi, kudzuka. Wophunzira ankawabwereza yekha, monga mwana amabwerezera a, e, i, o, u. Munthu wocita zimenezi amaoneka ngati akuvina. Tsono anthu odutsa ankaima n'kumaonerera.

3. Pamsika

Zaka pafupifupi 1000 zapitazo, m'nthawi ya mafumu a Song, mumzinda wa Kaifeng munali malo a masewera. Akatswiri a ndodo ndi malupanga ankaonetsa luso lawo kumeneko, anthu n'kumawapatsa ndalama.

M'zaka zotsatira, akatswiri ena ankayenda msika ndi msika akugulitsa mankhwala a zilonda ndi a mafupa. Ankafuna kuti anthu asonkhane msanga. Wina ankagona cagada, mwala waukulu uli pacifuwa. Mnzake ankauswa ndi nyundo. Anthu akadabwa, ankauzidwa kuti mphamvuzo zacokera m'mankhwala aja, ndipo ankagula.

Pamenepa panali nzeru yobisika. Mwala wolemera umalandira mphamvu yambiri ya nyundo, thupi silimva kwambiri. Womenyayo ankadziwa pomenya. Akalakwitsa, mnzake ankathyoka nthiti.

Cibakera ceniceni n'cacifupi ndiponso cacangu. Anthu sacionetsetsa, ndipo sicikopa ogula. Amene ankalumpha kwambiri ndi kudabwitsa anthu, ndiye ankapeza cakudya ca ana ake.

4. M'zisudzo

Anthu a ku China amakonda zisudzo zoimba. Osewera amapaka utoto kumaso, amavala zowala, ng'oma zikulira. Nkhani zambiri ndi za nkhondo zakale. M'caka ca 1790 magulu a zisudzo adafika mumzinda wa Beijing kukasangalatsa mfumu, ndipo zisudzo zotere zidakula kwambiri kumeneko.

Osewera ankayamba kuphunzira ali ana. Ankaphunzira kupidiguka m'mwamba, kuzunguza mkondo ndi kugwa osapweteka. Nkhondo ya m'zisudzo ndi yopangana. Aliyense amadziwa kumene mkondo wa mnzake udutse.

5. Mfuti zitaculuka

Mfuti zitaculuka, lupanga ndi ndodo zidacepa nchito pankhondo. Koma ena adakhulupirira kuti zodabwitsa za pamsika zija n'zoona. M'caka ca 1900 kudali gulu limene azungu adalipatsa dzina loti Boxers. Anthu a gululi ankati akacita miyambo yawo, cipolopolo sicingawalowe. Adapita kukamenyana ndi asilikali a mfuti, ndipo ambiri adafa.

Patapita zaka, boma la China lidasandutsa lusoli kukhala masewera a mpikisano, dzina lake wushu. Bungwe lowayang'anira lidakhazikitsidwa m'caka ca 1958. Pampikisano munthu amatha kusewera yekha, wopanda mdani. Oweruza amaona kulumpha kwake, cangu cake ndi kaimidwe kake. Lupanga lake limakhala lopepuka, lopindika. Palinso gawo lina, dzina lake sanda. Mmenemo anthu awiri amamenyana zenizeni, atavala zoteteza thupi, woweruza ali pomwepo.

Kuonetsa ndi kumenyana ndi maluso awiri osiyana. M'caka ca 2017, mumzinda wa Chengdu, mphunzitsi wina wodziwika ndi mayendedwe okongola adalimbana ndi Xu Xiaodong, munthu wozolowera mipikisano yomenyana. Mphunzitsiyo adagwa mphindi imodzi isanathe.

6. Opanga kanema

Makanema ambiri a kung fu adapangidwa mumzinda wa Hong Kong. Bruce Lee adadziwika pa dziko lonse ndi kanema wa Enter the Dragon wa m'caka ca 1973. Jet Li adali katswiri wa mipikisano ya wushu asanasewere m'kanema wa Shaolin Temple wa m'caka ca 1982. Jackie Chan adalowa sukulu ya zisudzo ali wamng'ono, ndipo adaphunzira kumeneko zaka khumi. Cotero zakale za pamsika, za m'zisudzo ndi za mpikisano zidakumana m'kanema.

Nawa machenjera a opanga kanema. Munthu wouluka amamangidwa zingwe zing'onozing'ono m'ciuno, anzake n'kumakoka. Wogwa kucokera pamwamba amagwera pa matiresi kapena pa makatoni. Cibakera cimadutsa pambali pa nkhope, osakhudza. Phokoso lake amaliika pambuyo pake. Kacigawo kakafupi amakajambula kambirimbiri mpaka kakhale bwino.

Ngakhale zili conco, ngozi zimacitika. Tsiku lina Jackie Chan adalumphira pamtengo akujambula kanema. Nthambi idathyoka, iye adagwa n'kusweka cigaza. Madokotala adamucita opaleshoni, ndipo adacira. Kumapeto kwa makanema ake ambiri amaonetsa zimene zidalakwika: kugwa, kulira ndi kunyamulidwa kupita kucipatala. Uyu ndi katswiri, ali ndi omuthandiza ambiri. Nanga mwana wolumpha yekha mumtengo wa mango angathandizidwe ndi yani?

7. Tanthauzo la dzinali

M'cinenero ca ku China, mawu akuti kung fu satanthauza ndewu. Amatanthauza luso limene munthu amalipeza pogwira nchito mwakhama kwa nthawi yaitali. Mayi woumba mbiya zabwino ali ndi kung fu. Mmisiri wosema mipini ali ndi kung fu. Mwana wolemba zilembo tsiku ndi tsiku mpaka ziongoke nayenso akupeza kung fu yake.

Wophunzira weniweni amayamba ndi zosaoneka bwino. Amaima miyendo yotang'adza, mawondo opinda, ngati wakwera kavalo. Amaima conco mpaka miyendo kunjenjemera. Amapereka ulemu kwa mphunzitsi wake, ndipo saloledwa kuputa anzake. Zimenezi kanema saonetsa kwambiri, cifukwa zimatenga zaka. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu atsopano

kacisi: nyumba yopempherera
katswiri: munthu wodziwa bwino cinthu
zisudzo: masewera oonetsa nkhani pamaso pa anthu
kuzinda: kupewa cinthu cimene cikubwera kudzakumenya

Werengani ndi kulemba

lu - so, luso
ndo - do, ndodo
mwa - la, mwala
ka - ne - ma, kanema
ku - lu - mpha, kulumpha

Yankhani mafunso awa

1. Kodi kung fu ndi ya dziko liti?
2. N'cifukwa ciyani ogulitsa mankhwala ankaswa miyala pamsika?
3. Kodi munthu wouluka m'kanema amathandizidwa ndi ciyani?
4. Cidacitika n'ciyani kwa Jackie Chan atalumphira pamtengo?
5. Kodi mawu akuti kung fu amatanthauza ciyani?

Zocita

Jambulani munthu wa m'mudzi mwanu amene ali ndi luso. Mufunseni kuti adaphunzira kwa yani, ndiponso kwa zaka zingati. Kafotokozereni anzanu m'kalasi.

Kwa makolo

Ana a msinkhu uwu sasiyanitsa za m'kanema ndi zenizeni. Mukaonera nawo kanema wotere, afotokozereni za zingwe ndi matiresi aja. Musawalole kulumpha kucokera m'mitengo kapena pamakoma, kumenya njerwa ndi dzanja, kapena kuyesera matece pa ang'ono awo. Mafupa a mwana sanakhwime. Mwana akagwa n'kumenya mutu, kenaka n'kumasanza kapena kuwodzera modabwitsa, pitani naye kucipatala nthawi yomweyo. Ngati akonda masewera a mphamvu, athamange, alumphe cingwe ndi kumenya mpira pabwalo losalala.