Khutuba ya Ijumaa: Madzi Akumwa ndi Amana M'manja Mwathu

KHUTUBA YOYAMBA

Kuyamikidwa konse kukhale kwa Allah, Yemwe amatsitsa mvula pa mapiri athu ndi kuisunga pansi pa nthaka kufikira itatuluka m'akasupe. Tikuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa mwachoonadi koma Allah, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mobisika, ngakhale pa zinthu zimene timaziyesa zazing'ono, monga chikho cha madzi chimene timapatsa mwana.

Abale olemekezeka, kuno ku Angónia Allah watipatsa mvula yochuluka kuposa abale athu a m'chigwa cha Zambezi. Komatu mvulayo imagwa miyezi yowerengeka, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako madziwo amatsika ndi mitsinje kukathera ku Zambezi. Pofika Okutobala zitsime zambiri za m'madambo zimakhala zitaphwa, ndipo amayi athu amakatunga m'maenje momwe ng'ombe zimamweramo. Chilala cha El Niño cha 2023 mpaka 2024 chidationetsa kuti ngakhale kumapiri kuno mvula ikhoza kudula. Nayonso kolera sitiyenera kuiiwala: mliri umene udayamba m'Malawi mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700, ndipo kuno ku Mozambique udayambira ku Niassa mu Seputembala chaka chomwecho n'kufikanso m'chigawo chathu cha Tete. Matenda otere sayima pa chipata cha Calómuè kufunsa ziphaso.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchimvetsa bwino lero. M'maphunziro a twahara tidaphunzira kuti madzi ambiri amene sadasinthe mtundu, fungo kapena kakomedwe chifukwa cha najisi ndi ololedwa kuchitira wudhu. Lamulo limenelo ndi loona, koma likunena za wudhu. Madzi akhoza kuoneka oyera mbee, ovomerezeka pa Swala, koma ali ndi tizilombo ta kolera ndi kamwazi tosaoneka ndi maso. Sharia idaika kuteteza moyo patsogolo: ma Ulama adagwirizana kuti munthu amene ali ndi madzi ochepa, ndipo akuopa ludzu pa iye kapena pa banja lake, asunge madziwo kuti amwe, ndipo achite tayammamu yomwe yatchulidwa mu Surat Al-Maida, ndime 6. Ngati chipembedzo chidalemekeza madzi akumwa motere, kuwasamala kuti asatidwalitse ndi ibada.

Tsono madziwo tiwapeza kuti pamene zitsime zaphwa? Poyamba, pa madenga athu. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Choncho denga lamalata la mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 20, limatsitsa malita pafupifupi 1,000, omwe ndi zigubu 50 za malita 20. Tiike ngalande m'mphepete mwa malata, madzi oyamba tiwasiye atsuke fumbi ndi zitosi za mbalame, otsatirawo tiwalowetse m'thanki kapena mgolo wovindikira. Denga la mzikiti uno ndi la madrasa ndi oyenera kuyambirapo.

Chachiwiri, akasupe ndi zitsime. Kasupe amangiridwe ndi simenti ndi kutchingidwa mpanda kuti ziweto zisafikepo. Chitsime chikhale ndi khoma, chivindikiro ndi ndowa imodzi yotungira yosaikidwa pansi. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) adaletsa kukodza m'madzi odikha ndiponso kuchita chimbudzi pa malo otungapo madzi, ndipo lero achipatala akutiuza kuti kolera imadzera njira yomweyo. Enanso mwa ife timalima mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi m'madimba: tisatsukire mapampu opoperera mankhwala pa kasupe kapena mumtsinje.

Chachitatu, mijigo. Pampu ya Afridev idapangidwa kuti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha, ndipo kawirikawiri chimene chimaiimitsa ndi timipira totha ntchito ta mtengo wochepa. Tisazembe chopereka cha ku komiti ya madzi, ndipo osunga ndalamazo adziwe kuti akafunsidwa pa tsiku la Qiyama.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka.

KHUTUBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Asilamu anzanga, madzi atafika pakhomo ntchito siyidathe. Ngati ali amatope, tiwasiye adikhe ndi kuwasefa pa nsalu yoyera yopinda kangapo, podziwa kuti kusefa kumachotsa matope koma sikupha tizilombo. Kenako tisankhe imodzi mwa njira zitatu. Yoyamba ndi kuphitsa: madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, ndipo popeza kumalo okwera madzi amawira asadatenthe kufika madigiri 100, a kumtunda ngati ku mapiri a Domwe awasiye mphindi 3. Yachiwiri ndi mankhwala a klorini, monga Certeza kuno kwathu kapena WaterGuard kutsidya ku Dedza: tithire muyezo wolembedwa pa botolo ndi kudikira mphindi 30 tisadamwe. Yachitatu ndi dzuwa: madzi oyera m'botolo la pulasitiki loonekera mkati, losapitirira malita 2, tiligoneke pa malata maola 6 dzuwa likuwala, kapena masiku 2 kukakhala mitambo.

Posunga, chigubu chikhale chotseka, ndipo tizitsanula m'malo moviika chikho ndi dzanja. Kuvindikira ziwiya usiku ndi Sunnah imene Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) adatilamula. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, mumwetseni muli m'njira yopita kuchipatala, osadikira kuche. Kutero ndi kuyedzamira kwa Allah koyenera, pakuti tawakkul imayenda pamodzi ndi kuchita zofunikira.

Pa mpopi wa wudhu tisaononge. Mtumiki ankachita wudhu ndi muddi umodzi, muyezo wosakwana lita. Ndipo amene Allah wawapatsa chuma akumbuke Uthman bin Affan (radhiya Allahu anhu), yemwe adagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchipereka kuti anthu azimwa mwaulere, ndi Sa'd bin Ubada yemwe adakumba chitsime kukhala sadaka ya mayi ake atamwalira. Thanki ya pa mzikiti kapena mjigo wokonzedwa ndi sadaka yopitirira, ndipo aliyense amwepo, Msilamu ndi yemwe sali Msilamu.

E Allah, tipatseni mvula yothandiza yosaononga. Dalitsani akasupe athu, tetezani ana athu ku miliri, chiritsani odwala athu, khululukirani akufa athu, ndipo mudzatimwetse pa dziwe la Mtumiki Wanu tsiku la ludzu lalikulu. Amin.

Imirirani ku Swala, Allah akuchitireni chifundo.