Mukagwidwa kachiwiri mukuyendetsa galimoto mutamwa ku Joni

Abale athu ambiri ku South Africa amadya za chiwongolero: ena ali pa Uber ndi Bolt, ena pa mathiraki. Mlandu wachiwiri woyendetsa utamwa umatha kuwachotsera ntchito yonse. Nawa mafunso amene amafunsidwa kawirikawiri.

Kodi malire a mowa ndi otani?

Gawo 65 la lamulo la National Road Traffic Act la 1996 limati mowa usafike magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi, kapena mamiligalamu 0.24 pa lita imodzi ya mpweya. Kwa dalaivala wa ntchito, monga wa minibasi kapena thiraki, malire ndi 0.02 m'magazi ndi 0.10 mu mpweya. Botolo limodzi likhoza kumufikitsa pamenepo.

Nanga ngati galimoto inali chiimire?

Mukhozabe kumangidwa. Kukhala pampando wa dalaivala injini ikulira, pamsewu wa anthu onse, ndi mlandu womwewo, ngakhale mutati mumangodikira mnzanu panja pa shabini.

Kachiwiri kamasiyana bwanji ndi koyamba?

Apa ndiye pagona nkhani. Gawo 35 limalamula khoti kuimitsa layisensi kwa miyezi yosachepera 6 pa mlandu woyamba. Kachiwiri ndi zaka zosachepera 5, kachitatu zaka zosachepera 10. Wopanda layisensi amaletsedwa kuitenga kwa nthawi yomweyo. Pamwamba pa izi pali chindapusa kapena ndende mpaka zaka 6, ndipo majisitireti akaona mlandu wakale m'mabuku, chifundo chimachepa. Anthu amaopa kwambiri chindapusa, koma ine ndimaona kuti chowawa ndi zaka 5 zija. Chindapusa achibale amasonkherana. Zaka 5 popanda chiwongolero ndiye kuti lendi ku Joni yaima, fizi ya ana kumudzi yaimanso.

Kodi ndingakane kupuma m'kachipangizo kapena kutengedwa magazi?

Ayi. Kukana ndi mlandu pawokha.

Ndiye loya angandithandize pati?

Pa ndondomeko imene apolisi anatsata. Lamulo limakhulupirira zotsatira ngati magazi kapena mpweya zatengedwa pasanathe maola 2 chichitikire mlanduwo. Magazi ayenera kutengedwa ndi dokotala kapena namwino wovomerezeka, kabotolo ka magaziwo katsekedwe bwino, ndipo boma lisonyeze manja onse amene kanadutsamo mpaka kufika ku labotale. Kachipangizo kopumira nako kayenera kukhala kovomerezeka, kogwiritsidwa ntchito ndi wapolisi wophunzitsidwa. Choncho mukangopeza mpata, lembani nthawi imene anakuimitsani ndi nthawi imene anakubayani singano. Komabe musanamizidwe: boma likhoza kukuzengani pogwiritsa ntchito umboni wa wapolisi wakuti mumadzandira ndiponso kununkha mowa, ngakhale za magazi zitakanika.

Kodi layisensi ingapulumuke?

Nthawi zina. Khoti likhoza kuchepetsa nthawi kapena kusaimitsa n'komwe, koma pokhapokha litamva umboni wolumbira wokhudza mmene mlanduwo unachitikira. Kungoti "bwana, ndili ndi ana" si kokwanira.

Ndilibe ndalama ya loya, komanso Chingerezi chimandivuta.

Pemphani loya wa Legal Aid South Africa pa tsiku loyamba kukhoti. Malamulo aakulu a dzikolo amapatsa aliyense wozengedwa, mlendo yemwe, ufulu wokhala ndi womasulira. Nenani momveka kuti mukufuna wa Chichewa.

Bwanji ndingovomera kuti zithe msanga?

Musathamangire. Kuvomera kumalemba dzina lanu m'buku la opalamula, ndipo dzinalo limatulukira pofunsira ntchito kapena pokonzanso mapepala. Kupempha kuti alifufute kumatheka patapita zaka 10, pa zilango zina zokha. Musasaine pepala lililonse loya asanaliwerenge.