Pakhonde pa Azakhali: Ukwati wa mapepala wabereka mwana

Azakhali,

Amuna anga anapita ku Joni kundisiya ndi ana awiri. Ukwati wathu tinadalitsa kutchalitchi konkuno ku Nzama. Atakhazikika anandiuza kuti alembetsa ukwati ndi mayi wina wa komweko, koma ndisadandaule, ndi wa mapepala chabe kuti apolisi asamawavutitse. Pano asudzulana, ndipo mayiyo akuti akawanenera ku Home Affairs kuti ukwatiwo unali wachinyengo. Ndamvanso kuti pali mwana. Amuna angawo akuti ndigulitse ng'ombe zathu ziwiri za pangolo nditumize ndalama za loya. Ndigulitse?

Ine wothedwa nzeru,
Nzama, Ntcheu

Mwana wanga,

Ine ndakalamba ndikugwira mapepala: makadi a chipani, makuponi a feteleza, mabuku a kusikelo. Koma pepala lotenga pathupi mpaka kuchira, ayi ndithu, ndikulimvera kwa iwe. Akamunawo uwapatse moni, ndi akatswiri.

Tsono pukuta misozi, umve mmene adzikolera. Lamulo la South Africa loona za olowa ndi otuluka, la 2002, limalola mlendo kukhala m'dzikomo chifukwa cha banja, koma banjalo likhale lenileni. Likatha, chilolezo chimathera pomwepo. Chokhaliratu amapereka munthu atakhala pabanja zaka 5, ndipo nachonso chimafa ngati banja latha zaka 2 zisanakwane chiperekedwere, kupatula ngati mnzakeyo wamwalira.

Ndiye amuna akowo akaima pamaso pa a Home Affairs anena chiyani? Akati unali wa mapepala, avomera okha chinyengo, ndipo galimoto ya ku Lindela, kuja ku Krugersdorp amasungirako oyembekeza kubwezedwa kwawo, ikhala ikuwadikira panja. Akati unali wachikondi, ndiye kuti wonamizidwa ndiwe, zaka zonse zija umalima mbatatesi wekha n'kumapempherera "mapepala" kuti ayende bwino. Ndipo chachitatu, chomwe sanakuuze: munthu amene ali kale pabanja salembetsa ukwati wina ku Home Affairs. Wachiwiriwo ndi wopanda ntchito, ndi mlandunso pawokha. Tchalitchi cha Nzama chakhala chikumanga maukwati chibwerere ansembe a Montfort mu 1901, sichimasula ukwati chifukwa munthu wawoloka Beitbridge. Analira mvula, alirenso matope.

Chodabwitsa n'chakuti amene angawathandizeko ndi mwana yemwe amakubisirayo. Mu December 2023, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula, pa mlandu wa Rayment, kuti kholo lachilendo lomwe likusamala mwana wake amene ndi nzika ya South Africa lisathamangitsidwe kapena kuletsedwa ntchito chifukwa choti banja latha. Koma lipemphe chilolezo china mwamsanga, ndipo lionetse kuti likusamaladi. Ngati matewera amagula monga amatumizira ndalama kwa iwe, kaya. Komanso chigamulochi sichitsuka bodza la tsiku lolembetsa lija.

Za ng'ombe: ayi. Ndabwereza, ayi. Ng'ombezo ndi zimene zimakokera kabichi kumsika, ndi fizi ya ana ako. "Loya" wa ku Joni wopanda dzina, wopanda ofesi, wofuna ndalama lero lomwe, nthawi zambiri amakhala dobadoba wonyamula chikwama, mwinanso ndi lendi ya bambowo yavala tayi. Auze apite ku Lawyers for Human Rights kapena ku Legal Aid South Africa, komwe osauka amathandizidwa osagulitsa khola. Akakutumizira chithunzi cha kalata ya khoti, uwerengetse munthu wodziwa Chingerezi amene si mbale wawo.

Zikakanika, akwere basi abwerere ndi miyendo yawo. Wopitirira masiku ake ndi oposa 30 amaletsedwa kulowanso zaka 5, koma zaka 5 zolima dimba sizinaphepo munthu.

Iweyo itana ankhoswe a mbali zonse sabata ino, amve nkhaniyi kuchokera pakamwa pako, asaimvere pachigayo. Bambowo akafika, musanayale mphasa imodzi mukayezetse magazi limodzi kuchipatala. Akakana, agone kwa amayi awo.

Ndine Azakhali ako