Makalata a ku Barbourfields: Sadaka, Katapira ndi Chitupa

WOWULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Barbourfields, mumzinda wa Bulawayo. Akuti: "Amuna anga, omwe anagwira ntchito kunjanji zaka zambiri, anatisiya mwezi watha. Abale awo akufuna sadaka yaikulu ya tsiku la 40, ya mpunga ndi mbuzi, pomwe ine ndimagulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndipo ndili ndi ana atatu apasukulu. Wina akuti andikongoza katapira. Nditenge?"

MLANGIZI: Pepani mayi ndi zovutazi. Katapirayo musatenge ayi. Chisilamu chimaletsa chiwongoladzanja, komanso tomato sangabweze ngongole yomwe imabereka mwezi ndi mwezi. Mbuzi idzadyedwa tsiku limodzi, alendo adzasamba m'manja n'kumapita, wokongozayo adzatsala nanu chaka chathunthu.

Sindikunyoza sadaka. Agogo athu anabwera nayo kuchokera ku Mangochi ndi ku Machinga, ena pamagalimoto a Ulere, ena wapansi, kudzagwira ntchito m'migodi, m'mapulazi ndi kunjanji, ndipo ndi miyambo yotereyi yomwe inawasunga pamodzi m'dziko la eni. Koma kumbukirani kuti Ja'far, m'bale wa Mtumiki, atamwalira, Mtumikiyo analamula anthu ena kuti aphikire banja loferedwalo. Sanauze ofedwa kuti aphikire mudzi. Ndiye pemphani shehe wa pamzikiti wanu aitane alamu anuwo, mukhale pansi. Amene akufuna mbuzi agule yekha. Inu mupereke zomwe dzanja lanu lingathe, ngakhale tiyi ndi buledi, duwa idzawerengedwa ndithu.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri simunachitchule n'komwe: nyumba. Malamulo a Zimbabwe amati, ngati malemu sanasiye wilo, nyumba yomwe mwamuna ndi mkazi ankakhalamo imatsala ndi amene ali moyo. Kalembetseni chuma cha masiye kwa Master of the High Court kapena kubwalo la majisitireti, ndipo mapepala a nyumba musapereke kwa wachibale aliyense "woti akusungireni". Ngati malemu anali m'bungwe la maliro, monga ambiri a ife Amalawi akuno, funsani mlembi wake ngati pali yotsala. Za zakaati musachite nazo manyazi. Osauka ndi omangika m'ngongole ali m'magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira, ndi gawo lanu limenelo.

WOWULUTSA: Yachiwiri ndi ya mnyamata wa komweko, akuti kwawo n'kufupi ndi bwalo la Highlanders. "Ndinabadwira ku Mpilo mu 1994. Bambo ndi Myao wa ku Mangochi. Chitupa changa chimanditcha mlendo, ndipo ntchito zina amandibweza nacho. Kodi ndine wakuti?"

MLANGIZI: Achimwene, ndinu nzika ya Zimbabwe. Lamulo la mu 2001 ndilo linasandutsa ana ambiri a Amalawi, Azambia ndi Amozambiki kukhala alendo m'dziko lomwe anabadwiramo. Malamulo aakulu a mu 2013, gawo 43, anakonza zimenezo: wobadwira kuno malamulowo asanalengezedwe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iye n'kukhala kuti ankakhala muno, ndi nzika yobadwa. Tengani kalata yanu yakubadwa yaitali ija, chitupa chakale ndi mapepala aliwonse a makolo, mupite ku ofesi ya kalembera mukasinthitse. Lawirirani m'mamawa, mzere umatalika. Ndipo mukatero muyang'anenso za alongo anu ndi ana awo, chifukwa mayi wopanda chitupa amavutika kulembetsa mwana, vuto n'kumatsika mibadwo.

WOWULUTSA: Yomaliza, gogo wina walembetsa mdzukulu kuchokera kumudzi ku Machinga. Mwana wawo ali ku Bulawayo, anasiya kutumiza ndalama. Akufunsa ngati wasanduka mtchona.

MLANGIZI: Anganga, musafulumire kumutemberera. Mafakitale ambiri a ku Bulawayo anatsekedwa, njanji inachepetsa anthu, ndipo amene ankasunga ndalama kubanki mu 2008 anadzuka zitasanduka mapepala. Mwina n'manyazi chabe akumutsekereza kuimba foni. Muuzeni kuti moni ndi waulere. Pakadali pano mpongozi wanu kapena mdzukulu alowe chipereganyu ndi amayi anzake a pamadrasa, azibwerekana popanda chiwongoladzanja, agule nkhuku ziwiri zitatu, mbewu ya nandolo asunge yakeyake. Ndalama yakunja ikabwera ipeze pakhomo pali poyambira.

Kwa inu ana amene muli kuno, makolo ali kumudzi: ngati ndalama yotumiza pa Mukuru palibe mwezi uno, imbani foni munene choncho.

WOWULUTSA: Omvera, pitirizani kutilembera, makalata otsala tiwerenga Lachisanu likudzali ikatha Juma.