Mapaipi a madzi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi: mayankho kwa omvera

Paipi ya madzi imasenza katundu wamitundu itatu: mphamvu ya madzi omwe ali m'kati mwake, kulemera kwa dothi loikwirira, ndi kutentha komwe kumaitalikitsa masana n'kuifupikitsa usiku. Mainjiniya amawerengetsera zonsezi ngalande isanakumbidwe. Makalata a sabata ino akukhudza mawerengedwe amenewa komanso kasungidwe kake.

Womvera wa kwa Nthondo ku Ntchisi afunsa: n'chifukwa chiyani paipi imangophulikira kudambo, kuphiri ili bwinobwino?

Madzi akatsika mamita 10, mphamvu yake imakwera ndi pafupifupi bar imodzi. Thanki ikakhala pamtunda wa mamita 120 pamwamba pa dambo, paipi ya kudamboko imapanikizidwa ndi ma bar 12, makamaka usiku mipopi yonse ikatsekedwa. Nambala yolembedwa pa paipi ya PVC, monga class 6, 10 kapena 16, imanena ma bar omwe paipiyo ingapirire. Wokonza akaikapo class 6 poti ndiyo yotsika mtengo, iphulikanso basi. N'chifukwa chake mizere ya madzi oyenda okha kuchokera kuphiri, yomwe m'Malawi muno inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, imakhala ndi timathanki tophera mphamvu ya madzi m'njira.

Wina wa ku Mvera m'boma la Dowa akuti paipi yakuda yodutsa pathanthwe imapindika masana ndipo imazuka polumikizira.

Paipi yakuda ya HDPE yotalika mamita 100 imawonjezera pafupifupi masentimita 40 kutentha kukakwera ndi madigiri 20. Yachitsulo imawonjezera osakwana masentimita 3. Pomwe sipakumbika, ndi bwino kuikapo yachitsulo, kapena kusiya yapulasitikiyo yokhotakhota pang'ono n'kuikwirira. Pokhota napo pali pake: paipi ya mamilimita 110 pa ma bar 10 imakankha elubo ndi mphamvu yoposa tani imodzi. Chibuma cha simenti chomwe chimaumbidwa pamenepo si chokongoletsera ayi. Vavu itsekedwe pang'onopang'ono, chifukwa madzi oimitsidwa mwadzidzidzi amabwerera m'mbuyo n'kumenya paipi.

Funso lomaliza lachokera kwa mlembi wa komiti ina ya madzi: kontirakitala akamaliza ntchito, ayenera kusiya mapepala otani?

Apa ndiye pagona nkhani. Pa ntchito zikuluzikulu, monga yokoka madzi kuchokera ku nyanja ku Salima kupita ku Lilongwe kudzera m'boma la Dowa, madzi ayenera kukwezedwa mamita oposa 500. Mawerengedwe a mapaipi a ntchito zotere amachitika pa kompyuta, ndipo m'mafakitale mapulogalamu monga CAESAR II amasonyeza malo alionse omwe paipi ikukokedwa kapena kupanikizika. Mzere wa kumudzi sufuna zonsezo, koma pepala umalifuna ndithu.

Choyamba ndi chojambula chosonyeza momwe mzerewo unayalidwira kwenikweni, osati momwe unakonzedwera muofesi, pakuti okumba akakumana ndi mwala amapatuka. Chisonyeze kukula ndi class ya paipi chigawo ndi chigawo, kutalika kwa mtunda pa thanki ndi pa dambo lililonse, komanso pomwe pali mavavu otulutsira mpweya ndi matope. Pakhalenso zotsatira za kuyesa mphamvu ya madzi mzerewo usanatsegulidwe, ndi chiwerengero cha mipopi chomwe injiniya anawerengera, kuti ofuna kulumikiza mudzi wina adziwe polekezera.

Mapepalawa asakhale m'chikwatu cha munthu mmodzi. Kope ina ipite ku ofesi ya zamadzi ya pa boma, ina ikhale ndi komiti kapena Water Users Association, ina pulambala aijambule pafoni. M'matauni monga Mponela ndi Ntchisi boma, osunga zojambulazi ndi a Central Region Water Board. Paipi ikaphulika, pulambala alembe m'buku tsiku, malo ndi class ya paipi yomwe waikapo. Malo omwe abwera katatu m'bukumo aitanitsidwire injiniya kuti awerengenso.