MATENDA A SHUGA: MIYENDO YANU NDI MANKHWALANSO

Phunziro lathu la sabata ino likhudza matenda a shuga amene amagwira munthu atakula, kawirikawiri atapyola zaka 40. Odwala ambiri amene timaona ku Mwami aganiza kuti mapiritsi okha ndi okwanira. Iai. Cithandizo ciri patatu: kadyedwe koyenera, mankhwala, ndi kugwiritsa thupi nchito.

CIMENE CICITIKA M'THUPI

Nsima, mpunga, buledi ndi mbatata zikagayika zisanduka shuga amene alowa m'magazi. Insulin ndiye atsegulira shugayo njira yolowera m'minofu. Mwa wodwala, thupi silimvera bwino insulin, motero shuga aunjikana m'magazi naononga pang'onopang'ono maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi.

Koma minofu ikamagwira nchito imakoka shuga m'magazi, ndipo thupi limamvera insulin bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri otsatira. Ndico cifukwa cake simuyenera kupyola masiku awiri muli cikhalire.

M'caka ca 2002 akatswiri a ku America anaulutsa zimene anapeza pa anthu onenepa amene shuga wao anali atayamba kukwera. Amene anacepetsako thupi ndi kucita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, ngozi yodwala inatsika ndi 58 peresenti.

MUCITE ZOTANI?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti munthu wamkulu afunika mphindi zosacepera 150 pa sabata. Ndiko kuti mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Sizifuna ndalama.

1. Yendani mwandawala. Ngati mukhala ku Mchini, Nabvutika kapena Magazine, pitani pansi ku msika wa Kapata m'malo mokwezedwa pa njinga.
2. Muli ndi njinga yanu? Palasani nokha.
3. Kulima kudimba, kutunga madzi ndi kusinja kumalimbitsa minofu. Citani zotere kawiri pa sabata.
4. Yendaniko pang'ono mukatha kudya, makamaka madzulo.

Liwiro labwino ndi lakuti mutha kukamba ndi mnzanu koma simutha kuyimba. Ngati simunazolowere, yambani ndi mphindi 10 ndi kuonjezera sabata iri yonse.

CENJERANI NDI IZI

Amene abaya insulin kapena kumwa glibenclamide, shuga angatsike kwambiri. Zizindikiro zace ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi ndi cizwezwe. Imani, mudye maswiti kapena mumwe madzi osungunulamo masupuni ang'ono atatu a shuga. Musayende ulendo wautali musanadye.

Bvalani nsapato zotseka, osati mapatapata. Mapazi a wodwala shuga amacita dzanzi, ndipo munga ungalase iye osamva. Yang'anani mapazi madzulo ali onse. Cilonda cacing'ono conyalanyazidwa cingadulitse mwendo.

M'nyengo yotentha ya Okutobala yendani m'mamawa kapena dzuwa litapepa, ndipo imwani madzi. Mukamva kuwawa m'cifuwa kapena kubanika, lekani ndi kuthamangira kucipatala. Amene ali ndi BP yokwera kapena bvuto la maso ayambe aonana ndi a zaumoyo asananyamule zolemera.

Musaleke mankhwala cifukwa cakuti mwayamba kuyenda. Pitirizani kupimitsa shuga ku kiliniki. Ngati muyezo wa mankhwala ufunika kusintha, adzakuuzani kumeneko.

Inu a pabanja, muperekezeni wodwala wanu. Ulendo wa awiri sutopetsa, ndipo nanunso mudzipewetsa matendawa.